Kodi Galimoto Iima Pati?

Owerenga athu ambiri alibe galimoto, ndipo ena adzafunsa kuti nkhani ya mabuleki iwakhudza bwanji. Tiyankha kuti iwakhudza ndithu. Pakuti amene alibe galimoto ndiye ayenda pansi m'mbali mwa msewu, ndiye akwera minibasi popita ku chipatala, ndiye atuma mwana kuwoloka msewu kukagula mchere, ndiyenso akhala pamwamba pa lole pamodzi ndi anansi ake popita ku ukwati kapena ku maliro. Moyo wa onsewa uli pansi pa phazi la munthu mmodzi. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu ngati 1.19 miliyoni anafa pa misewu ya dziko lonse lapansi, ndipo poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiyo inaposa zigawo zonse. Tsono mwezi uno tafuna kuyesa chiphunzitso chimodzi chotchuka pakati pa ophunzitsa kuyendetsa, ndicho mndandanda wa manambala wonena za mtunda umene galimoto iyenda isanaime, kuti tione pamene unena zoona ndi pamene uperewera.

Mndandanda umene tinena uli m'buku la ku Britain lotchedwa The Highway Code, ndilo buku la malamulo ndi malangizo a pamsewu. Linatuluka koyamba m'chaka cha 1931, linali ndi masamba 18 okha a malangizo, ndipo mtengo wake unali kobiri limodzi. Masiku amenewo dziko lija linali ndi magalimoto ngati 2.3 miliyoni, koma anthu oposa 7,000 analikufa pa misewu chaka ndi chaka. Mayeso a oyendetsa anakhala lamulo mu 1935, ndipo polisindikiza bukulo kachitatu mu 1946 anaikamo kwa nthawi yoyamba mtunda woimira. Mndandandawo ulimobe kufikira lero, ndipo ana athu amene akhala ku Britain, akafuna chiphaso choyendetsera, auloweza pamtima. Ife a kuno tiyenda kumanzere kwa msewu monga iwo, ndipo chitsulo ndi mphira sizisintha khalidwe powoloka nyanja. Chifukwa chake zimene unena zitikhudza ifenso.

Chiphunzitso chake ndi ichi. Kuyambira pamene choopsa chioneka kutsogolo kufikira pamene galimoto iimiratu, pali mitunda iwiri. Woyamba ndiwo mtunda woganizira: diso liona, mtima uzindikira, phazi lichoka pa moto nilipita pa buleki, ndipo nthawi yonseyi galimoto ilikuthamanga ndi liwiro lake lomwe lija. Wachiwiri ndiwo mtunda womangira: mabuleki agwira, matayala alimbana ndi msewu, liwiro lichepa kufikira litatha. Eni bukulo awerenga liwiro m'mamailo, koma ife tilemba m'makilomita, monga mwa zikwangwani za m'misewu yathu.

Pa makilomita 32 pa ola: mamita 6 oganizira, 6 omangira, onse pamodzi 12.
Pa 48: mamita 9 ndi 14, onse 23.
Pa 64: mamita 12 ndi 24, onse 36.
Pa 80: mamita 15 ndi 38, onse 53.
Pa 96: mamita 18 ndi 55, onse 73.
Pa 112: mamita 21 ndi 75; onse 96.

Mita imodzi ipitirira pang'ono muyeso uja wa ogulitsa nsalu, wochokera pa mphuno kufika ku nsonga ya chala mkono uli chitambasulire. Mamita 96 ndiwo pafupifupi utali wa bwalo la mpira kuchokera ku golo kufika ku golo. Manambalawa ndi a galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino ndi matayala abwino, pa msewu wa phula wouma, woyendetsa ali watcheru.

Zimene mndandandawu uchita bwino

Tiyambe ndi kuyamika, pakuti zoyamika zilipo ziwiri zazikulu.

Choyamba, mndandandawu uwononga bodza limene likhala m'mitima ya anthu ambiri, lakuti galimoto iima pamene phazi laponda. Mnyamata woyendetsa adzitama kuti, "Mabuleki anga ndi akuthwa, ndikangokhudza ndaima." Koma mtunda woganizira sudziwa kuthwa kwa mabuleki. Ngakhale galimoto ikhale yotuluka m'sitolo dzulo, pa makilomita 80 pa ola idzayenda mamita 15 phazi lisanafike pa buleki. Amene anagawa mtunda pawiri chotero anachita mwanzeru, chifukwa anaonetsa kuti gawo lina la kuima lili m'chitsulo, ndi gawo lina lili m'mutu mwa munthu.

Chachiwiri, uonetsa kuti mtunda womangira sukula mofanana ndi liwiro, koma ulisiya kutali. Taonani: pa 48 ndi mamita 14, pa 96 ndi mamita 55. Liwiro lawirikiza kawiri, koma mtunda wawirikiza pafupifupi kanayi. Chifukwa chake n'chakuti mphamvu imene ili m'chinthu chothamanga ikula monga liwiro kulichulukitsa ndi liwiro lomwelo. Mphamvu ya galimoto yothamanga pa 48 ilingana ndi ya galimoto yomweyo itagwa kuchokera pamwamba pa mamita 9. Pa 96 ilingana ndi kugwa kuchokera pa mamita oposa 36. Mphamvu yonseyo mabuleki ayenera kuidya galimoto isanaime.

Tiyese chitsanzo ndi manambala omwewa. Galimoto ziwiri zilikudutsa pa malo a malonda, ina pa 48, ina pa 64, ndipo zili pamodzimodzi pamene mwana atulukira kuseri kwa minibasi yoima, mamita 23 kutsogolo. Oyendetsa onse awiri amuona nthawi imodzi, naponda onse awiri ndi mphamvu zawo zonse. Yoyamba iima pa mapazi a mwanayo. Iye alira ndi mantha, napita kwawo. Yachiwiri itaya mamita 12 poganizira, itsala ndi mamita 11 okha omangira pamene ifuna 24, ndipo ifika pa mwanayo ilikuthamangabe makilomita ngati 47 pa ola, ndilo pafupifupi liwiro limene inzake inali nalo isanayambe n'kumanga komwe. Kusiyana kwa 48 ndi 64 woyendetsa sakumva m'thupi mwake, pakuti mpando uli wofewa chimodzimodzi. Koma kwa mayi wa mwanayo ndiko kusiyana kwa kumkalipira mwana madzulo ndi kumuika m'manda.

Alipo ena amene atsutsa mndandandawu kuti ndi wachikale, nati magalimoto a makono aima pa mtunda wofupikirapo. Pa galimoto yatsopano, pa phula louma, mawu awo ali ndi choona. Koma chimene chafupika ndi mtunda womangira wokha. Mutu wa munthu wa lero sufulumira kuposa wa agogo ake. Ndiponso magalimoto ambiri a m'misewu yathu anafika kuno atatumikira kale eni ena kunja, ndipo ayenda pa matayala ogula ogwiritsidwa kale ntchito. Ife tiona kuti cholakwa cha mndandandawu chili mbali inayo: ulonjeza mtunda waufupi kuposa umene woyendetsa adzaupeza pa tsiku la tsoka.

Pamene uperewera

Choperewera choyamba chili pa nthawi yoganizira. Mukawerengera bwino mupeza kuti mndandandawu upatsa woyendetsa magawo awiri a magawo atatu a sekondi imodzi, kuti aone, azindikire ndi kusuntha phazi. Munthu wodikira chizindikiro, phazi lili chile, akhoza kutero. Koma choopsa cha pamsewu sichitsogoza mthenga. M'chaka cha 2017 bungwe la ku Britain komweko lotchedwa Brake, loona za kupewa ngozi, linalengeza zimene akatswiri a Transport Research Laboratory anapeza, kuti woyendetsa wamba afuna sekondi imodzi ndi theka. Tikawerengera ndi nthawi imeneyo, mamita 23 aja asanduka 34, mamita 36 asanduka 51, ndi mamita 96 asanduka 121. Tsono mwana uja amene tinampulumutsa pa 48 sapulumukanso: galimoto itaya mamita 20 poganizira, nimgunda ilikuthamanga kuposa makilomita 40 pa ola. Ndipo sekondi ndi theka imeneyo ndi ya munthu wosaledzera, wogona bwino usiku, wosayang'ana foni. Nanga woyendetsa minibasi amene wadzuka ndi tambala woyamba, diso limodzi lili pa msewu ndi lina lilikusaka okwera m'mbali, khutu lili kwa kondakitala amene alikukangana ndi munthu za chenje, iyeyu afuna masekondi angati? Pa makilomita 80 pa ola galimoto imeza mamita 22 pa sekondi iliyonse.

Chachiwiri chili pa msewu. Mabuleki aimitsa matayala okha, ndipo matayala ndiwo aimitsa galimoto mwa kugwira pansi. Tayala lililonse likhudza msewu ndi malo aang'ono ngati chikhatho cha munthu, kotero kuti galimoto yonse ndi onse okweramo atsamira pa zikhatho zinayi. Eni bukulo adziwa ichi, ndipo alangiza kuti pa msewu wonyowa mpata uwirikize kawiri, ndi pa madzi oundana a nyengo yawo yozizira kufikira kakhumi; lamulo la kwawo liletsanso tayala la galimoto yaing'ono limene mizere yake yatsala yosakwana mamilimita 1.6. Koma mawu aiwalika, manambala ndiwo atsala m'mutu, ndipo manambalawo ndi a tsiku la dzuwa. Kuno kwathu madzi saundana pa msewu, koma tili nazo zathu: msewu wa fumbi ndi timiyala togubuduzika pansi pa tayala, mchenga umene madzi akokolola nauyala pa phula, matope amene ngolo zitulutsa m'minda, nkhungu ya chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje. Choposa zonse ndi mvula yoyamba. Miyezi yonse ya chilimwe mafuta odontha, fumbi ndi zinyenyeswa za matayala ziunjikana pa phula. Chizimalupsa chikagwa, zonsezi zisanduka ngati therere, ndipo woyendetsa amene wazolowera msewu wouma miyezi yambiri aponda monga mwa masiku onse, napeza kuti galimoto siimumvera.

Chachitatu chili pa phiri ndi pa katundu. Manambala aja ndi a msewu wa pa chidikha ndi galimoto yopepuka, ndipo ayesa kuima kumodzi kokha, mabuleki ali ozizira. Koma mabuleki agwira ntchito mwa kusandutsa mphamvu ya liwiro kukhala kutentha, monga mpini utentha m'manja mukaupeka pa mtengo. Mukaima kamodzi, chitsulo chitentha nichiziziranso. Koma pa mtsetse wautali, monga wa Chiweta ku Rumphi, wa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, wa phiri la Zomba, kapena wotsikira ku Chikwawa kuchokera ku Blantyre, phiri libwezera galimoto liwiro lonse limene mabuleki achotsa, ndipo woyendetsa wokhazika phazi pa buleki kuyambira pamwamba alikusonkhezera moto umene ulibe nthawi yozima. Mapadi akatentha kopitirira aleka kuluma. Mafuta a mabuleki nawonso akhoza kuwira. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira asanafike pa madigiri 230, koma mafutawa amwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, ndipo akamwa ndithu akhoza kuwira pafupi ndi madigiri 155. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri alangiza kuwasintha zaka ziwiri zilizonse. Akawira, m'mipaipi mukhala nthunzi, ndipo nthunzi ifinyika pamene mafuta safinyika. Phazi lipita kufikira pansi osapeza kanthu. Pamenepo anthu anena kuti mabuleki anaduka mwadzidzidzi, koma nthawi zambiri anachita kuphikidwa kuyambira pamwamba pa phiri. Katundu awonjezera pa vutoli, pakuti lole yosenza matumba a chimanga ndi anthu pamwamba pake ili ndi mphamvu yochuluka yoti mabuleki adye, nitenthetsa chitsulo msanga kuposa yopanda kanthu.

Chachinayi chili pa kaphunziridwe kake. Wophunzira aloweza manambala monga mwana aloweza masamu ochulukitsa ku sukulu, akhoza mayeso, natenga chiphaso. Koma ndani wa ife akhoza kuyang'ana pa msewu, galimoto ilikuthamanga, ndi kunena kuti pa mtengo uja pali mamita 53? Nzeru imene munthu sangathe kuigwiritsa ntchito pa nthawi ya tsoka ili ngati khasu losiyidwa kunyumba tsiku lopalira. Pa ichi buku lomwelo lili ndi malangizo awiri oposa mndandanda, ndipo tikadakonda akadakhala ndiwo olembedwa ndi zilembo zazikulu. Loyamba ndilo kusiya mpata wa masekondi awiri pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo. Muyang'ana pamene iyo idutsa chizindikiro, kaya mtengo kaya mlatho, nimuyamba kuwerenga mosafulumira; mukafika pa chizindikirocho masekondi awiri asanathe, mwayandikira kopitirira. Kukanyowa akhale anayi, ndipo lole yolemera ifuna oposa. Muyeso uwu ukula wokha pamodzi ndi liwiro, sufuna kuloweza, ndipo wokwera aliyense wokhala pa mpando wa kutsogolo akhoza kuuyesa ndi maso ake. Lachiwiri ndilo lakuti munthu asathamange kuposa pamene maso ake afika, koma akhale wokhoza kuima asanatsirize msewu umene auona. Limeneli ligwira ntchito m'nkhungu, pokhota, kuseri kwa chitunda, ndi usiku, pamene maso athera pomwe nyali zathera. Ngati nyali zanu zionetsa mamita 50 okha, ndipo inu muli pa 80, wa njinga wopanda nyali amene ali kutsogoloko mudzamuona nthawi itatha kale.

Makhalidwe a phazi labwino

Tikasonkhanitsa zoona za mndandandawu ndi zoperewera zake, titulukamo ndi chiphunzitso chimodzi, chakuti ntchito yaikulu ya kumanga mabuleki ichitika choopsa chisanafike. Woyendetsa wanzeru adziwika ndi ichi, kuti kuponda mwadzidzidzi kumchitikira kamodzikamodzi.

Iye aponya maso kutali, kupitirira galimoto ya kutsogolo. Akaona minibasi yaima, ana a sukulu, mbuzi, wa kabaza wosenza mtolo wopingasa, kapena msika wosefukira m'msewu, achotsa phazi pa moto naliika pamwamba pa buleki choopsa chenicheni chisanaoneke. Pakutero wadula mtunda woganizira, umene palibe makaniko angathe kuudula.

Pofuna kuima ayamba msanga ndi mofatsa, awonjezera mphamvu pakati, napepuza phazi pamene galimoto ili pafupi kuima, kotero kuti okwera sagundana mitu ndipo dengu la tomato silitayika. Kuyamba msangako kuyatsanso nyali zofiira za kumbuyo, ndi kumpatsa wotsatira nthawi yake yoganizira. Achepetsa liwiro msewu ukadali wowongoka, asanalowe pokhota. Pakuti zikhatho zinayi zija zili ndi mphamvu yowerengeka, ndipo zikapatsidwa ntchito ziwiri zazikulu nthawi imodzi, kukhota ndi kuima, zitaya zonse ziwiri. Nkhuku kapena mbuzi ikadumphira m'msewu, amanga molunjika, osakhotera kumene kuli anthu. Mbuzi ili ndi mtengo wake, ndipo mlandu wake utha.

Pamwamba pa mtsetse, liwiro lisanakule, alowetsa giya imene akadakwerera phiri lomwelo, kuti injini igwire galimoto, mabuleki angothandiza pang'ono ndi kupuma. Magalimoto osintha okha magiya nawonso ali ndi njira yake yotsitsira giya pa phiri, ndipo mwini wake aifunse aidziwe. Pano tidzudzula poyera chizolowezi choipa cha kuchotsa galimoto m'giya potsika, kapena kuzimitsa injini kumene, kuti mafuta asathe. Wochita ichi wataya chogwirira chachikulu, nasenzetsa mabuleki katundu yense. Pa galimoto yaing'ono injini ndiyo ipepuza buleki, ndipo ikazima, mutaponda kawiri kapena katatu, buleki iuma ngati mwala. Pa lole ya mabuleki a mpweya injini ndiyo ipopa mpweyawo. Mafuta opulumuka pamenepo ndi ochepa, ndipo pa magalimoto ambiri a makono palibe n'komwe, pakuti injini zake zileka zokha kumwa mafuta potsika m'giya phazi litachoka pa moto. Woyendetsa wabwino akamva fungo la kupsa, kapena buleki ikayamba kufewa, aima pa malo oyenera nadikira kuti chitsulo chizizire, ngakhale okwera ang'ung'udze.

Tsiku la tsoka likafikabe, ayenera kudziwa mtundu wa mabuleki ake. Kuyambira m'chaka cha 1978, pamene Mercedes-Benz ndi Bosch a ku Germany anawaika m'magalimoto ogulitsa, afalikira makina otchedwa ABS, amene aletsa matayala kuleka kuzungulira mwa kumanga ndi kumasula kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pa galimoto yotere muponda ndi mphamvu yonse osachotsa phazi, ngakhale buleki injenjemere ndi kulira, pakuti kunjenjemerako ndiyo ntchito yake, ndipo chiwongolero chimverabe. Pa galimoto yopanda makinawa, matayala akayamba kukhwekhwereza mupepuza phazi pang'ono kuti azungulirenso, nimupondanso, chifukwa tayala losazungulira silimvera chiwongolero. Koma wina asanyengedwe ndi makinawa: sabwezera mizere pa tayala lotha, ndipo pa msewu wa timiyala kapena wa mchenga akhoza kutalikitsa mtunda woimira.

Zing'onozing'ono nazo sazinyoza. Akawoloka madzi akuya aponda buleki mofatsa kangapo kuti iume. M'mawa, asananyamule munthu, ayesa buleki pabwalo, nayang'ana mafuta ake, nyali zofiira ndi mizere ya matayala.

Gawo la eni magalimoto ndi la ife tonse

Tidziwa yankho la abale athu oyendetsa, ndipo sitilinyoza. Adzati, "Mwini galimoto afuna ndalama zake madzulo, mafuta akwera mtengo, ndipo mnzanga akandipitirira atenga okwera onse a kutsogolo." Izi ndi zoona. Mwini galimoto amene aika muyeso wa ndalama wosatheka popanda kuthamanga, kapena akana kugula matayala ndi mapadi, phazi lake lili pa moto pamodzi ndi la wantchito wake, angakhale iye ali khale pa khonde. Koma tiwerengere phindu la liwirolo. Malo a malonda otalika kilomita imodzi muwadutsa m'masekondi 45 pa 80, ndi m'masekondi 75 pa 48. Phindu lonse ndi theka la mphindi. Ulendo wa makilomita 20 utenga mphindi 15 pa 80, ndi mphindi zosakwana 19 pa 64. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, ndipo pano masamu avomerezana nawo.

Otsala ndife okwera ndi oyenda pansi. Si ife kodi amene tinyoza woyendetsa wofatsa kuti ayenda ngati bilimankhwe, ndi kutamanda wothamanga kuti ndiye mwamuna? Si ife amene tiimitsa minibasi pokhota kapena pa mtsetse chifukwa ndi pafupi ndi kwathu, ndi kufuula kuti atitsitse pompano galimoto ili pa liwiro? Ndipo pamene tiona kuti woyendetsa wamatirira kumbuyo kwa lole, kapena wachotsa giya pa phiri, tingokhala chete, yense kuyembekeza kuti mnzake ayambe. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Mulibe chipongwe m'kunena mwaulemu kuti, "Adalaivala, pepani, chepetsaniko moto, tili ndi ana muno". Ndipo mmodzi akayamba, ena amthandize. Akuluakulu obwereka lole ya ukwati kapena ya maliro ayang'ane matayala asanapangane mtengo, ndipo asakweze anthu opitirira muyeso.

Kwa aphunzitsi ndi makolo tipempha chinthu chimodzi chosafuna ndalama. Tengani chingwe, mupite ndi ana pa bwalo la sukulu, mukhome chikhomo, ndipo kuchokera pamenepo muyese mamita 23, 53 ndi 96, kukhoma chikhomo pa muyeso uliwonse. Ana ayende kuchokera ku chikhomo choyamba kufika ku chilichonse cha zinazo, ndipo muwauze liwiro la chikhomo chilichonse, ndi kuti galimoto yabwino, pa tsiku louma, woyendetsa atawaona kale, ifuna mtunda wonsewo kuti iime, ndipo pa tsiku la mvula ifuna woposa. Mwana amene wayenda mtunda umenewo ndi mapazi ake sadzathamangira msanga kutsogolo kwa galimoto poganiza kuti adalaivala andiona, aima.

Chiweruzo chathu pa mndandandawu tsono ndi ichi. Masamu ake ndi oona, ndipo amene anauika m'buku mu 1946 anachitira anthu zabwino. Koma uwerengedwe monga mtunda wochepetsetsa, wa tsiku labwino ndi wa munthu watcheru. Masiku ambiri a pamsewu afuna wotalikirapo. Woyendetsa amene autenga ngati lonjezo adzanyengedwa nawo. Amene autenga ngati chenjezo, nawonjezerapo za mvula, za phiri, za katundu ndi za kutopa kwa thupi lake, ameneyo ndiye adzafikitsa anthu kwawo.